Duwa la pa Chitseko cha Bafa

Akazi awo a Telala anali atalongedza kachikwama n'kupita kwa mlongo wawo, chifukwa chitseko cha bafa chinali chitatha miyezi chili chosatseka, a Telala atalumbira kuti sichitsekedwa mpaka duwa lawo litamasula. Ndiye m'mawa uno, a Telala atasuzumira pawindo n'kuona mlamu wawo yemweyo, kalipentala, ataima pakhomo ndi bokosi la zida, sowo ili m'khwapa, anadziwa kuti nkhondo yawalondola mpaka kunyumba.

"Odi kuno!"

"Kulibe anthu," anayankha a Telala ali kuseri kwa katani.

"Nanga akuyankhawo ndani, alamu?"

A Telala anatsegula, tepi yawo yoyezera nsalu ili lendelende m'khosi. Anayang'ana sowo ija asanayang'ane mwini wake.

"Akutumani achemwali anu?"

"Eya."

"Za chitseko?"

"Za chitseko. Achemwali anati…"

"Ndikudziwa zimene anati! Mkazi uja ndakhala naye zaka zonsezi, mawu ake ndimawamva asanatuluke m'kamwa."

"Oo, mukudziwa?"

"Zonse. Mpaka zimene sananene."

"Basi ntchito yaphweka," anatero kalipentala uja, akupukuta nsapato pachiguduli.

Mlamu ameneyu sanali munthu woipa, kungoti mutu wake unkayenda mumzere umodzi. Anali munthu woti ukamutuma kukaona ngati mphika ukupserera, amapita, n'kuonadi, n'kubwera kudzakuuza kuti ukupserera, osauphula. A Telala nawonso anali ndi nthenda yawo. Akanena kuti buluku ili lakukwanani, ndiye kuti lakukwanani, ngakhale mukulephera kupuma.

Anadutsa pabalaza, pamene panali makina osokera ndi mulu wa nsalu zosasita, n'kulowa m'kakolido kopita kubafa. A Telala anathamangira kutsogolo n'kuima pakhomo la bafalo, mikono atatambasula.

"Apa ndiye malire. Onani ndi maso, manja akhale m'thumba."

"Ndione chiyani?"

"Duwa."

Kalipentala anayang'ana pansi. Anayang'ana pawindo. Anayang'ana m'ndowa.

"Lili kuti?"

"Pamwamba pa mutu wanupo!"

Pamsomali, pafelemu ya chitseko cha mbali ya mahinjesi, panali patapachikidwa kanthambi kouma. Pakanthambipo panali mpukutu wa timizu totuwa, topiringizana ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Timizu tina tinali titachoka pakanthambi, n'kukakamira pafelemu, n'kuwoloka kampata ka mahinjesi, n'kukagwira chitseko chenichenicho. Munthu akanangokankha chitsekocho kuti chitseke, timizuto tikanaphwanyika pomwepo.

"Alamu," anatero kalipentala ataona kwa kanthawi, "izi ndi zinyalala."

"Zinyalala ndi inu! Ameneyu ndi okidi."

"Ndani?"

"Okidi. Duwa la m'mitengo. Ndinalitola pamsewu amagetsi atadula nthambi."

"Ndiye kuti amagetsiwo anataya."

"Sankadziwa."

"Masamba ake ali kuti?"

"Lilibe."

"Anathothoka?"

"Silikhala ndi masamba. Mtundu wake ndi wotero."

"Dothi?"

"Silifuna dothi."

"Duwa lenilenilo?"

"Likubwera."

Kalipentala anachotsa pensulo kukhutu n'kudzikanda nayo m'mutu.

"Lilibe masamba, lilibe dothi, lilibe duwa. Ndiye inu mwadziwa bwanji kuti ndi duwa?"

"Kasitomala wanga, mphunzitsi wa zomera, anandionetsa zithunzi pafoni. Akuti mitundu yake ilipo ingapo yofanana ngati mapasa, moti ngakhale iye sangaisiyanitse ndi mizu yokha. Pafunika duwa. Lina limakhala ndi kamchira kakatali kumbuyo, lina kakafupi. Likamasula ndidzayeza kamchirako, ndidzadziwa dzina lake."

"Duwa la mchira."

"Eya."

"Limaugwedeza?"

"Alamu, musandiyambe."

"Ndangofunsa. Ine zamchira zimene ndimazidziwa zimagwedeza."

A Telala anatenga kabotolo kopopera, kamene kale kankanyowetsa nsalu posita, n'kupopera timizu tija mwaulemu ngati akudzoza khanda mafuta. Posakhalitsa timizu totuwato tinayamba kubiriwira. A Telala anatembenuka, chifuwa chili patsogolo.

"Mwaona? Chakufa chimasintha mtundu?"

"Buledi akakhalitsa amabiriwiranso."

"Imeneyo ndi nkhungu! Ili ndi la moyo. Mizu yomweyi ndi imene imagwira ntchito ya masamba. Imamwa mame, imalandira dzuwa, basi."

"Ndiye likudya thabwali."

"Silidya thabwa."

"Alamu, ine ndakalamba ndi matabwa. Chilichonse chokhala pathabwa chimadya thabwa. Chiswe chinayambanso chonchi, mwaulemu. Ndili ndi mankhwala m'bokosimu, kungopaka kamodzi…"

"Mukatulutsa botolo limenelo, chilamu chithera pompano!"

"Chabwino, silituluka. Koma ngati silidya, likutani pamenepo?"

"Likungokhala."

"Kungokhala pakhomo pa eni, osadya?"

"Osadya."

"Likanakhala mlendo wabwino kwathu," anatero kalipentala. "Achemwali akungokhalanso, koma iwo akudya."

Atatero anaika bokosi pansi, natulutsa tepi yake yachitsulo, n'kuikoka. A Telala anaiyang'ana tepiyo ndi diso loipa. Munthu uja anagwada, nayeza pansi pa kakolido kuchokera khoma ili kukafika khoma ilo, nalemba pakhoma ndi pensulo.

"Mukuyeza chiyani?"

"Malo."

"Malo a chiyani?"

"A ntchito. Tasunthani mwendowo."

"Sindisuntha."

"Ndiye ndiyeza pamodzi ndi mwendo, ndidzachotsera."

Anayezadi pamodzi ndi mwendo. A Telala anayang'ananso sowo ija, imene tsopano inali itatsamira khoma, mano ake akung'anima.

"Sowoyo ndi ya chiyani?"

"Yodulira."

"Ndikudziwa kuti si yometera! Kudula chiyani?"

"Chilichonse chimene chapitirira muyezo."

A Telala anacheukira timizu tawo, timene tinali titapitirira muyezo uliwonse umene munthu angaganize.

"Chikapitirira pang'ono chabe?"

"Pang'ono kapena kwambiri, sowo sidziwa. Inunso nsalu ikatalika mumatani?"

"Ndimapinda!"

"Zanga sizipindika."

"Mudula lero?"

"Lero. Achemwali anati ndisabwerere ntchito isanathe."

"Alamu, tamverani. Bwerani kuno. Tengani kagalasi aka." A Telala anatulutsa m'thumba kagalasi kokuza zinthu, kamene ankalowetsera ulusi pasingano. "Yang'anani pakati pa mizupo. Mukuona timapesi towonda ngati tsitsi? Mukuona timadontho toyera kumapeto kwake?"

Kalipentala anatsinzina diso limodzi.

"Mazira a nsabwe."

"Ndi mphukira za maluwa! Zatsala pang'ono. Mwina sabata ino, mwina ya mawa."

"Munanenanso choncho pamene achemwali ankalongedza."

"Pamenepo ndinalakwitsa kuwerenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

Kalipentala anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana pansi mosamala.

"Mulinso nkhono m'bafamu?"

"Ndi mwambi!"

"Oo. Chifukwa achemwali nkhono amaziopa. Likamasula likhala lalikulu bwanji?"

A Telala anakhosomola pang'ono.

"Ngati kambewu ka mpunga."

"Lonse?"

"Koma amakhala ambiri, mumzere. Oyera mbee."

"Ndiye achemwali akhala akusamba chitseko chili pululu, mlendo akabwera iwo n'kumatsokomola m'bafa kuti asalowe, chifukwa cha mpunga umodzi wa mchira."

"Ndinawapachikira nsalu!"

"Akuti munaichotsa."

"Inkatchinga kuwala kwa m'kolido. Duwali limafuna kuwala kwa mbali zonse."

"Akutinso munaletsa sopo wonunkhira."

"Sindinaletse. Ndinangoti thovu lisamauluke."

Kalipentala anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zomveka ndithu, naimirira, nayamba kuyeza khoma kuchokera pansi kupita kudenga. Kenaka anagogoda khomalo ndi chala chopinda, khutu ataligunditsa.

"Apa msomali ulowa."

"Msomali? Mukhomanso?"

"Popanda kukhoma chigwira n'chiyani?"

"Hamala igwedeza felemu! Mphukira zija zithothoka!"

"Ndikhoma pang'onopang'ono."

"Palibe munthu anakhomapo msomali pang'onopang'ono chilengedwere dziko!"

Apa a Telala anaona kuti ukali sukugula kanthu, nasintha nyimbo. Anamugwira mlamu wawo paphewa, naliyeza phewalo ndi maso, mawu atawathira shuga.

"Alamu, jekete lanu lija la kutchalitchi latha m'zigongono. Ndili ndi nsalu yabwino, yakuda, yosachita makwinya. Ndikusokerani suti yathunthu."

"Zikomo kwambiri."

"Inu mungopita kukanena kuti simunandipeze."

"Koma ndakupezani."

"Mukangonena chabe."

"Akandifunsa kuti suti ndaitenga kuti?"

"Mudzati ndakusokerani ine."

"Amene sindinakupezeniyo?"

A Telala anachotsa dzanja paphewa paja. Anakhala pa ndowa yovundikira, pakhomo pa bafa pomwepo, n'kumayang'ana mlamu wawo akulemba manambala pakhoma. Pamenepo mtima unapeza mpata wolankhula. Zoona zake n'zakuti akazi awo ankawasowa koopsa. Nyumba inali zii. Makina osokera akaima panalibe wowauza kuti kolala yapendekeka, panalibe woseka nthabwala zawo zakalekale, ndipo tiyi ankamwa ataimirira ngati munthu wa pa ulendo.

"Ali bwanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndani?"

"Mkazi wanga, alamu! Ndingafunse za ndani?"

"Ali bwino."

"Bwino bwanji?"

"Bwino kwambiri. Masaya abwerera."

"Amanditchula?"

"Amakutchulani."

"Eya! Amati chiyani?"

"Pali ana pafupi amangoti 'uja'. Ana akachoka ndi pamene amawonjezera."

A Telala anayesanso njira ina.

"Koma usiku sagona bwino, eti? Malo achilendo."

"Sindidziwa, ine ndimakhala ndili m'tulo. Koma m'mawa amaimba."

"Amaimba? Mkazi wanga?"

"M'bafa. Chitseko chathu chili ndi loko. Amalowa, timamva kuti khethe, kenaka nyimbo. Madzi amachita kuzizira iwo ali pa ndime yachitatu."

"Kuno sanaimbepo."

"Kuno ankatsokomola."

Mawu amenewo analowa ngati singano yolasa pansi pa chikhadabo. Kalipentala sanadziwe n'komwe kuti walasa munthu. Anali kalikiliki kufunafuna misomali m'bokosi.

"Anenapo za kubwerera?"

"Anati ntchito ya chitseko ikatha. Ikapanda kutha, akuti ndipente kachipinda ka kumapeto kwathu kuja, ndiikemo shelefu. Asankha kale mtundu wa penti."

"Asankha penti?"

"Wachikasu."

A Telala anaimirira pang'onopang'ono. Munthu sasankha penti ya chipinda chimene akufuna kugonamo masiku awiri. Anayang'ana timizu tawo, timene tinali titayambanso kutuwa madzi atauma. Anayang'ana timadontho toyera tija. Anakumbukira m'mawa uliwonse umene ankakwera pa mpando ndi kagalasi, kufunafuna chizindikiro, ndiponso dzina lija limene anatsala pang'ono kulidziwa. Zinawapweteka kwambiri, sanabise.

"Alamu."

"Ee."

"Sowo yanuyo isakhudze duwa langa."

"Sikhudza."

"Ngati n'kufa, life ndi dzanja langa. Ndinalitola ndine."

"Mukuti bwanji?"

"Mukawauze achemwali anu kuti mwamuna wawo ndi wamakani, koma si chitsiru. Mukawauze kuti ndasankha. Penti wachikasuyo akabweze."

Anavula tepi m'khosi, naipinda bwinobwino, naiika m'thumba. Analowa m'bafa, nagwira chitseko ndi manja onse awiri. "Pepa, mwanawe," ananong'oneza, "dzina lako ndidzalimva kumwamba." Anatsinzina, nakankha.

Chitseko sichinasunthe.

Anakankhanso, ndi phewa tsopano, misozi ikutuluka m'maso otsinzinawo. Chitseko chinangoti njii. Atatsegula maso anaona nsapato yaikulu ya kalipentala itaponda pansi, itatchinga chitsekocho, ndipo mwini nsapatoyo akuwayang'ana ngati aona munthu akuyatsa nyumba yake.

"Mukutani, alamu?"

"Ndikutseka! Si zimene mwabwerera?"

"Mupha duwa."

"Ndikudziwa kuti ndipha duwa! Chotsani phazilo ndisanasinthe maganizo!"

"Sindingachotse. Achemwali anati aliyense wokhudza chitseko ichi ndimuthyole chala."

A Telala anasiya chitseko.

"Anati chiyani?"

"Ichi chisakhudzidwe. Chikhale mmene chililimu, ndi zinyalala zake. Ine anandituma kudzaika chitseko china, chatsopano, m'kolido muno, pamene ndalemba mzerepa. Felemu ndi chitsekocho zili panja pa ngolo. Munthu azitseka chakunjachi, n'kumasamba mwamtendere, chamkaticho chili chotsegula."

"Ndiye sowo ija…"

"Felemu ndinaipanga yaitali dala. Makoma a nyumba ino ndi okhota."

"Alamu! Mwandisiya ndikuvutika m'mawa wonse, mpaka kulonjeza suti! Bwanji osanena?"

"Munati mukudziwa. Zonse, mpaka zimene sananene."

A Telala anafuna kukalipa, koma chimwemwe chinafika msanga kuposa mkwiyo. Anakhalanso pandowa paja, akuseka, akupukuta m'maso ndi kansalu kotsala pa diresi la kasitomala.

"Mkazi uja! Ndinadziwa ine. Pansi pa mtima amalikonda duwali."

"Akuti duwalo silinawalakwire. Silinakanepo kutseka chitseko, anakana ndinu."

"Zilibe kanthu, zilibe kanthu. Khomani, alamu! Khomani pang'onopang'ono, ndikugwirirani felemu. Abwera liti?"

"Madzulo ano, ndikawapatsa kiyi."

"Mwaikanso loko? Ndi bwino. Wanga mundisiyire pa makinapo."

"Kiyi ndi mmodzi."

"Mmodzi?"

"Anatero. Akuti bafa likhala la iwo ndi duwalo. Azilipopera okha, likamasula adzakuitanani mudzayeze mchira, iwo ataima pomwepo."

A Telala anaimirira, ndowa n'kugubuduka.

"Nanga ine ndizisamba kuti?"

"Ndinawafunsa zimenezo," anatero kalipentala, akulowetsa pensulo kukhutu n'kutola hamala. "Anati inu zotseka simugwirizana nazo, ndiye kuseri kwa nyumba kukuyenerani. Kulibe chitseko ngakhale chimodzi."